Ndingatsimikize bwanji kuti njala ndiyo ikugwetsa ana anga m'masamu?

Mphunzitsi wa Sitandade 6, Dedza:

Aphunzitsi anzanga, ndabwera kudzapempha nzeru. M'kalasi mwanga muli ana oposa 90, ndipo chaka chilichonse teremu yachiwiri ikayamba mu Januwale, pamene chimanga chatha m'nkhokwe zambiri, ndimaona ana akusinza nthawi isanakwane 10 koloko, ena akujomba kawiri kapena katatu pa sabata, malikisi a masamu nkutsika. Mumtima mwanga ndimati ndi njala, koma ndikufuna kufufuza bwinobwino m'kalasi momwemo kuti ndikamalankhula ndi ahedi ndikhale ndi umboni. Kodi ndiyambire pati?

Mlangizi wa aphunzitsi a m'sukulu za pulayimale (PEA) wopuma ntchito, Ntcheu:

Aphunzitsi, mwayamba bwino chifukwa funso muli nalo kale. Kafukufuku wotere, amene Kurt Lewin anamutcha action research m'zaka za m'ma 1940, safuna ndalama: mumakonza chochita, mumachiyesa, mumaona zotsatira, kenako mumalingalira ndi kukonzanso. Chida chanu choyamba ndi kaundula amene mumayitanira mayina m'mawa uliwonse.

Komabe ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi. Januwale ndi Febuluwale si miyezi ya njala yokha, ndi miyezi yomweyo imene malungo amachuluka, mitsinje imadzaza, ndipo ana ena amatengedwa kukachita ganyu yopalira m'minda. Mukangoyerekeza malikisi a teremu yoyamba ndi yachiwiri, mudzaona kutsika ndithu, koma simudzadziwa chimene chawatsitsa. Choncho pambali pa tsiku lililonse limene mwana wajomba lembani chifukwa chake, ndipo kwa masabata asanu ndi limodzi muzipereka kamayeso kakafupi Lachisanu lililonse, ka mafunso olimba mofanana.

Mphunzitsi wa masamu, Chipata:

Kuno ku Zambia tili ndi lesson study, njira yochokera ku Japan yoti aphunzitsi azikonzera pamodzi phunziro ndi kuonerera mnzawo akuliphunzitsa, imene kuno inayambira ku Central Province mu 2005 mothandizidwa ndi JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza mayiko ena. Chimene ndinaphunzirako n'chakuti munthu amene wagwira choko sangathe kuona ana onse. Pemphani mnzanu akhale kumbuyo, asayang'ane inu koma ana asanu ndi mmodzi amene mwagwirizana, alembe nthawi imene aliyense wasiya kutsatira phunziro.

Mphunzitsi wamkulu, Blantyre:

Ine nkhawa yanga ili pa anawo. Chonde musafunse pagulu kuti amene sanadye akweze dzanja, pakuti mwana wa msinkhu umenewo angalole kunama kusiyana ndi kuchititsa manyazi makolo ake, ndipo mukatero mudzakhala mwamupweteka ndi kuwononganso kafukufuku wanu. Mwana aliyense mumupatse nambala m'malo mwa dzina, ndipo nkhaniyi idutse kwa ahedi, komiti ya sukulu ndi amayi a mother group, amene amadziwa za m'makomo kuposa ife. Ngati pasukulu panu pali phala, monga la Mary's Meals amene akhala akudyetsa ana m'dziko muno kuyambira 2002, musamane gulu lina pofuna kuyerekeza. Ingosunthani phunziro la masamu libwere ana atangomwa phala, muone ngati pali kusintha.

Mphunzitsi wa Sitandade 6, Dedza:

Zikomo nonse. Za malungo ndi ganyu sindinaziganizire n'komwe. Phala lilipo, ndipo ahedi avomera kuti masamu tiwasunthe kuyambira Lolemba, koma vuto latsala pa wokhala kumbuyo, chifukwa aphunzitsi tilipo ochepa ndipo aliyense ali ndi kalasi yake.