Kodi ndiwaonetse filimu yomaliza ya Veronica Lake, kapena ndingoisiya?

Abale anga pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Tili ndi kagulu kokonda mafilimu akale, timakumana Loweruka madzulo kwa mnzathu wina amene ali ndi pulojekita. Mwezi uno tikuonera a Veronica Lake, mayi wa ku America uja amene tsitsi lake linkagwera pa diso limodzi. Taonera kale Sullivan's Travels ya 1941 ndi This Gun for Hire ya 1942, imene anasewera ndi Alan Ladd, ndipo anthu amukonda zedi.

Chandivuta ndi filimu yake yomaliza, Flesh Feast ya 1970. Anaijambula ku Florida ndi ndalama zochepa kwambiri, kuti azikaionetsa kwa anthu ofuna zoopsa ndi zonyansa basi. Iye akusewera ngati dokotala woweta mphutsi zodya khungu lokalamba kuti munthu aonekenso wachinyamata. Kumapeto wodwala wake amapezeka kuti ndi Hitler, ndiye mayiyu amamuthira mphutsizo kumaso pobwezera imfa ya amayi ake. Mawu samveka bwino, osewera anzake akungoima ngati mitengo. Komabe iye akuyesetsa ndi mtima wonse, nkhope itatopa. Zinandigwira mtima.

Nkhawa yanga ndi yakuti anzanga akangoona mphutsizo ayamba kuseka, ndipo azikaseka mayiyo. Anamwalira mu 1973 ali ndi zaka 50 zokha. Kodi kuionetsa sikumuvula ulemu? Kapena kuibisa ndiye kumulakwira?

Yankho: Achimwene, ionetseni. Mayiyu sanakokedwe ndi chingwe, anali mmodzi mwa okonza filimuyo. Ankafuna kugwirabe ntchito yake pamene makampani akuluakulu a ku Hollywood anali atamutaya. Kumbukirani kuti mu 1962 atolankhani anamupeza akuperekera zakumwa pa hotela ina ku New York. Munthu wotero akabwereranso pa kamera, timuonere.

Yankho: Ine ndikuti ayi. Muwasiye anthu amukumbukire ali pachimake. Ndipo ngati pabwera ana, musayerekeze n'komwe.

Yankho: Musanayatse, muwafotokozere mbiri yake pang'ono. Nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse boma la America linamupempha kuti asinthe kapesedwe, chifukwa akazi a m'mafakitale ankamutsanzira ndipo tsitsi linkawakodwa m'makina. Akamva kutchuka kumeneko aonera mwaulemu. Si iye yekha, Joan Crawford, katswiri wina wa ku Hollywood, nayenso anatsiriza ndi filimu yoopsa yotchipa yotchedwa Trog chaka chomwecho cha 1970.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ana sabwera, achemwali, musadandaule. Ndikuona kuti ndiionetsa, koma nditayamba ndi mbiri ija. Chatsala n'chakuti: kodi ndiiike yokha usiku wake, kapena ndiiphatikize ndi I Married a Witch ya 1942 kuti anthu aone nkhope zonse ziwiri tsiku limodzi? Amene munachitapo zotere, zinayenda bwanji?