Kodi matope amakafika bwanji pansi pa nyanja zakuya?

Wa pa Kamwendo: Anzanga ndithandizeni. Bua ikasefukira madzi amachita kufiira ndi dothi lathu la kuno ku Mchinji, ndiye ndimadzifunsa kuti matope a mitsinje ikuluikulu ngati Zambezi akalowa mu Indian Ocean amangokhala mmphepete kapena amakafika pakati penipeni?

Mphunzitsi wa Jogalafe, Kasungu: Achimwene, a Bua ambiri amathera mu nyanja ya Malawi ku Nkhotakota uko. Koma ku nyanja zamchere matope amayamba aunjikana mmphepete, kenako chivomezi chikagwedeza kapena mulu ukangolemera amagumuka nkumatsetsereka pansi pa madzi mwa liwiro loopsa, amati turbidity current. Mu 1929 ku Grand Banks pafupi ndi chilumba cha Newfoundland, kummawa kwa Canada, zoterezi zinadula mawaya a telegalafu a pansi pa nyanja. Matopewo akafika pachidikha cha pansi pa nyanja mchenga wokhakhala umakhazikika kaye, matope osalala pamwamba, kugumuka kwina nkudzasanjikanso, zaka mamiliyoni mpaka zonse kusanduka mwala.

Mayi wa ku Santhe: Aphunzitsi zoona, vundulani madzi a chithaphwi mu botolo muone, mchenga ndi umene umayamba kukhala pansi.

Wa pa Kamwendo: Eee ndiye kutali komwe mitsinje sifika kulibe kanthu?

Mphunzitsi wa Jogalafe, Kasungu: Kuliko, fumbi la mphepo ndi tizigoba ta tizamoyo takufa, koma mpang'onopang'ono zedi, malo ena milimita imodzi pa zaka 1000. Pomwe Bengal Fan, mulu wa pansi pa nyanja kummawa kwa India wa dothi la ku mapiri a Himalaya lobwera ndi mitsinje ya Ganges ndi Brahmaputra, ndi yotalika pafupifupi makilomita 3000. Gasi wa ku Rovuma ku Mozambique ujanso ali mumchenga wogumuka choncho.