Thandizo pa mfundo yaikulu ya pepala la kafukufuku

Wosamalira okalamba: Akuluakulu amene mukuphunzira uku mukugwira ntchito kunja kuno, ndikupempha nzeru. Ndikulemba pepala la kafukufuku pa nkhani yotumiza ndalama kwa abale, koma aphunzitsi akuti thesis statement yanga, kutanthauza chiganizo chonena mfundo yaikulu ya pepalalo, sikunena kanthu. Ndinalemba kuti, "Pepala lino likamba za mtengo wotumizira ndalama."

Woyendetsa thiraki: Achemwali, chimene mwalembacho ndi mutu chabe, pakuti palibe angachitsutse. Chofunika ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri, kawirikawiri kumapeto kwa ndime yoyamba, chonena mbali imene mwaima ndi chifukwa chake, moti wowerenga woganiza bwino atha kukana, inu n'kumuyankha ndi umboni. Yambani mwafunsa funso limodzi lomveka. Yankho lake ndilo mfundo yanuyo.

Namwino: Achimwene anena zoona, koma ine ndikuona kuti vuto lalikulu ndi kukula kwa nkhaniyi. Simungathe kufufuza dziko lonse lapansi m'masamba owerengeka. Sankhani njira imodzi, kuchoka dziko limene muli kupita dziko limodzi, ndipo mutchule zaka zake. Poyambira palipo kale: mu 2015 mayiko a m'bungwe la United Nations anagwirizana kuti pofika 2030 mtengo wotumizira ndalama utsike kufika pansi pa 3 peresenti ya ndalama zotumizidwazo, ndipo World Bank imasindikiza mitengo ya njira zosiyanasiyana. Funso lanu lingakhale lakuti, n'chiyani chikulepheretsa njira yanuyo kufika pamenepo?

Wosamalira okalamba: Zikomo kwambiri. Nanga ndikalemba kuti, "Mtengo wa njira imeneyi sukutsika chifukwa makampani otumiza ndalama ndi ochepa, choncho sapikisana," zikhala bwino?

Namwino: Tsopano pali choti munthu n'kutsutsa. Komabe samalani ndi mawu akuti "chifukwa", popeza mwalonjeza kuonetsa kuti kuchepa kwa makampani ndiko kwadzetsa vutoli, osati kungoti zinthu ziwirizi zapezeka pamodzi. Wina adzanena kuti ndalama zambiri zimadyeka posintha ndalama ya dziko lina, ndipo ameneyo muyenera kumupatsa ndime yakeyake. Mukawerenga n'kupeza kuti umboni ukumukomera, sinthani chiganizocho osachita manyazi; ambiri timachilembanso pepala litatha.

Woyendetsa thiraki: Chilembeni pa kapepala, muchimate pafupi ndi kompyuta, ndipo ndime iliyonse imene sikuchichirikiza muichotse. Musanalembe zambiri, atumizireni aphunzitsi chiganizo chatsopanochi kuti achione kaye.