Kodi chithokomiro chingayambitse mantha adzidzidzi ndi matenda a maganizo?

Mayi wa ana awiri:
Kwa miyezi inayi tsopano ndakhala ndikugwidwa ndi mantha osadziwika kumene achokera. Mtima umathamanga, thukuta limatuluka, manja amanjenjemera moti kapu ya madzi ndimaigwira ndi manja awiri, ndipo ndimangoona ngati ndikufa. Ndaondanso ngakhale kuti ndikudya bwino. Adokotala andiuza kuti ndikayezetse magazi kuti aone mmene chithokomiro chikugwirira ntchito, koma khosi langa silinatupe ngakhale pang'ono. Kodi zinthu ziwirizi zikugwirizana bwanji?

Namwino wopuma pantchito:
Mayi, adokotalawo achita bwino, chifukwa chithokomiro chikhoza kusokonekera popanda chotupa chooneka ndi maso. Kachiwalo kameneka, kamene kali pakhosi, kamapanga mahomoni otchedwa T4 ndi T3, amene amalamulira changu cha thupi lonse. Akachuluka, monga zimachitikira pa matenda a Graves, munthu amanjenjemera, amasowa tulo, amamva kutentha ndiponso amakhala ndi nkhawa, moti n'zosavuta kuganiza kuti vuto lonse lili m'maganizo.

Chimene ine ndinkafunsa odwala n'chakuti, kodi mtimawo umadekha manthawo akapita? Mantha adzidzidzi nthawi zambiri amafika pachimake pa mphindi pafupifupi 10, kenako n'kuzilala, pamene mtima wa munthu amene mahomoni amuchulukira umathamangabe ngakhale atakhala phee. Kuonda kwanuko ndiye kwandichititsa chidwi kwambiri. Poyeza magazi amayamba ndi TSH, homoni yolamula chithokomiro kuti chigwire ntchito, imene imatsika T4 ndi T3 zikachuluka ndipo imakwera zikachepa.

Mphunzitsi wina:
Ine zinandichitikira mosiyana. Patapita miyezi isanu chibadwire mwana wanga, ndinayamba kufooka, kumva kuzizira anzanga akudandaula za kutentha, ndiponso kulira popanda chifukwa. Tsitsi linkangotsalira m'chipeso. Aliyense ankati ndi kutopa kwa uchembere, ndipo inenso ndinkakhulupirira zomwezo mpaka pamene magazi anaonetsa kuti mahomoni anga a chithokomiro achepa. Anandipatsa mankhwala a levothyroxine n'kundiyezanso patatha milungu isanu ndi umodzi, chifukwa mlingo wake ukapitirira umabweretsanso kuthamanga kwa mtima ndi nkhawa.

Bambo wachikulire:
Ndikupempha kuti tisaike mlandu wonse pa chithokomiro. Anthu ambiri ovutika ndi mantha kapena matenda a maganizo chithokomiro chawo chimakhala chili bwinobwino, ndipo ena amakhala ndi mavuto onse awiri pamodzi. Mng'ono wanga mahomoni ake anabwerera m'malo mwake, koma mantha okwera galimoto yodzaza anthu sanamuchoke mpaka atakumana kangapo ndi mlangizi wa za maganizo. Ngati pali mankhwala amene mukumwa kale, mayi, musawasiye musanakambirane ndi adokotala.

Mayi wa ana awiri:
Zikomo kwambiri nonse. Usiku wathawu ndinawerenga kugunda kwa mtima ndili chigonere, mantha kulibe, ndipo kunakwana 108 pa mphindi imodzi. Ndalemba chiwerengerochi papepala kuti ndikawaonetse adokotala mawa.