Chinjoka cha mufilimu yathu tichipange ndi manja kapena pa kompyuta?

Abale a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndife kagulu ka achinyamata kuno ku Mangochi, cha ku Mpondasi, ndipo tikufuna kujambula kafilimu ka nthano ya chinjoka cha m'nyanja chomwe chinkameza mabwato a asodzi. Kamera yathu ndi foni basi. Tasemphana pa chinjokacho. Anzanga akuti tilipire munthu atikonzere pa kompyuta, koma ine mtima wanga uli pochimanga tokha ndi nsungwi, ziguduli ndi mlaza, mano ake osema.

Amene munaonera The Lord of the Rings, ya 2001 mpaka 2003, mundimvetsa. Ma Orc, zilombo zoipa zankhondo za m'mafilimumo, ambiri aja anali anthu enieni ovala zigoba kumaso, ndipo mizinda ina inali yaing'onoing'ono, yomanga ndi manja ku New Zealand, n'kuijambula mwaluso kuti ioneke yaikulu. Umaona matope, thukuta, mano othothoka, mpaka tsitsi kuthawa. Peter Jackson, yemwe anatsogolera mafilimuwo, atabweranso ndi The Hobbit mu 2012, atsogoleri a ma Orc anali a kompyuta, osalala ngati zidole za m'magemu a pafoni, ndipo ine sanandiopse n'komwe. Sikuti ndikunyoza kompyuta ayi. Gollum, kachilombo kowonda ka m'mafilimu omwewo, ndi wa kompyuta koma amandimvetsa chisoni, chifukwa kumbuyo kwake kunali munthu, Andy Serkis, akukwawa ndi kulira ndithu.

Ndiye amene munayesapo, chinthu cha ziguduli chingapirire m'madzi?

Wa ku Monkey Bay: Achimwene, chiguduli chikamwa madzi chimalemera koopsa, anyamata anuwo sachinyamula. Mangani mutu wokha, muikemo zigubu zopanda kanthu kuti uziyandama. Thupi lonse lisaoneke, anthu aone madzi akuwinduka ndi nkhope ya msodzi ali njenjenje.

Wa ku Zomba: Kompyuta ya ndalama zochepa idzakuchititsani manyazi. Ngakhale Jurassic Park ya 1993 anasakaniza, dinosaur (chilombo chachikulu chakalekale) ina inali chimakina chenicheni, ina ya kompyuta. Inu jambulani dzuwa likamalowa, kamdima kadzabisa misoko. Komanso musajambulire pa Shire chonde, pali ng'ona ndi mvuu.

Mwini funso: Zikomo akuluakulu, za zigubuzo ndazigwira. Nanga penti wake ndi uti amene sangasukuluke m'madzi? Uja amapakira mabwato angagwire pa chiguduli?