Mbaula yolowetsa pansi pa chumuni: ndingaipeze bwanji pamtengo wabwino?

Wozizidwa:
Nyumba yathu ili ndi malo osonkhapo moto, koma kutentha kwambiri kumathawira m'chumuni. Ndikufuna kulowetsapo mbaula yachitsulo ya chitseko chagalasi. Ogulitsa atatu andipatsa mitengo yosiyana kwambiri, ngakhale mbaulazo zikuoneka zofanana. Kodi ndiyang'ane chiyani ndisanalipire?

Mmisiri wa machumuni:
Funsani wogulitsa aliyense akulembereni zonse zimene mtengowo ukuphatikiza, chifukwa wooneka wotsika nthawi zambiri amakhala atasiya paipi yachitsulo chosachita dzimbiri yodutsa m'chumuni, chitsulo chotseka mipata m'mbali mwa mbaula, ndiponso malipiro a woikayo. Paipiyo musainyalanyaze, pakuti ndiyo imakoka utsi bwino ndi kuchepetsa mwaye umene ungathe kuyaka m'chumuni. Yezaninso m'lifupi, msinkhu ndi kuya kwa malowo musanapite kusitolo.

Mayi Wosunga:
Ngati mungathe kupirira, dikirani nyengo yozizira ithe, pamene ogulitsa amatsitsa mitengo ya katundu wotsala ndi wa mbaula zimene ankaonetsera makasitomala.

Wotola nkhuni:
Ine ndingochenjeza za kukula kwake. Mbaula yoposa chipinda chanu mudzaiyatsa mofooka nthawi zonse, ndipo galasi lidzada msanga. Mukakopeka ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, onetsetsani kuti chitsulo chilibe ming'alu komanso kuti chingwe chotseka mpweya pachitseko sichinathe.

Wozizidwa:
Zikomo nonse, ndibwerera kwa ogulitsawo kuti andilembere mitengo mwatsatanetsatane.