Magalasi a zenera la kuchipinda akumanyowa m'mawa uliwonse

Mayi wa ku Kamwendo, Mchinji:
Chiyambireni kuzizira mu Juni, m'mawa uliwonse tikumapeza magalasi a zenera la kuchipinda atanyowa chamkati, madzi n'kumatsetsereka mpaka kudikha pafelemu yachitsulo, imene tsopano yayamba dzimbiri. Khoma la kuseri kwa katani nalonso layamba kuda ndi nkhungu. M'chipindamo timagona anthu anayi, ndipo timatseka paliponse poopa kuti ana angazizidwe. Kodi madzi amenewa akulowera pati, popeza mvula inasiya kalekale?

Mmisiri womanga nyumba, Mchinji Boma:
Mayi, madziwo akuchokera m'chipinda momwemo. Munthu akamapuma amatulutsa nthunzi usiku wonse, ndipo mpweya wofundawo ukakhudza galasi lozizira, nthunziyo imasanduka madontho monga zimachitikira pachivundikiro cha mphika. Yambani mwaona timabowo ta mpweya timene timasiyidwa pamwamba pa zenera. M'nyumba zambiri zimene ndagwiramo ntchito ndimapeza mwatsekedwa ndi nyuzipepala kapena nsanza, ena mpaka anamata ndi simenti, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa pulasitala ndi penti zimawonongeka msanga. Tsegulani timabowoto, muikepo waya wotchinga udzudzu, ndipo usiku muzisiya kazenera kakang'ono kapamwamba kali kotsegula pang'ono, mpata wongokwana zala ziwiri. Kukacha pukutani magalasi ndi nsalu youma, kenako tsegulani zenera ndi chitseko nthawi imodzi kuti mphepo idutse.

Mayi wa ku Kapiri:
Ndikugwirizana ndi bambowa, koma ndiwonjezerepo za zovala. Musamayanike zochapa za ana m'chipinda chogona, chifukwa madzi onse a m'zovalazo amathera mumpweya womwewo. Chimene ndikupemphani kwambiri n'chakuti musalowetse mbaula m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire bwanji, pakuti makala amatulutsa mpweya wapoizoni wa carbon monoxide, umene sununkha ndipo umapha anthu ali m'tulo. Nkhungu imene mwatchulayonso musayichepetse, makamaka ngati pali mwana wa mphumu.

Mayi wa ku Kamwendo, Mchinji:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga ana sadwala chimfine zenera likakhala lotsegula usiku?

Mmisiri womanga nyumba, Mchinji Boma:
Mpata wapamwambawo sufikitsa mphepo pabedi, bola bedi la ana lisakhale pansi penipeni pa zenera. Awonjezereni bulangete, apitirize kugona m'neti, ndipo wadilopu muyisunthe pang'ono kuti isagunde khoma, mpweya uzidutsa kuseri kwake.